Malire a chipukuta misozi pa milandu ya kusasamala kwa madokotala ku California

Chigawo cha California m'dziko la America ndi chimodzi mwa zigawo zoyambirira kuika malire pa ndalama zachipukuta misozi zimene bwalo la milandu lingapereke kwa wodwala amene wavulazidwa kaamba ka kusasamala kwa dokotala kapena chipatala.

Lamulo lokhudza nkhaniyi, lomwe mwachidule limatchedwa MICRA, linasainidwa ndi bwanamkubwa Jerry Brown m'chaka cha 1975. Panthawiyo makampani a inshuwalansi anali atakweza kwambiri ndalama zimene madokotala amalipira podziteteza ku milandu yotereyi, mpaka madokotala ena ananyanyala ntchito.

Malingana ndi lamuloli, chipukuta misozi chili m'magawo awiri. Ndalama zowerengeka, monga zolipirira chithandizo ndi malipiro amene wovulalayo wataya polephera kugwira ntchito, zilibe malire. Koma ndalama zopepesera ululu, kuzunzika m'maganizo, kulumala kapena kutaya wokondedwa sizinkaloledwa kupitirira madola 250,000, kaya cholakwacho chikule motani.

Apa ndiye panagona mkangano. Aphungu sanaikemo ndime yokweza ndalamazi zinthu zikamakwera mtengo, choncho chiwerengerocho chinakhala chomwecho kwa zaka 47, pomwe madola 250,000 a mu 1975 masiku ano ndi ofanana ndi madola oposa 1 miliyoni. Amene zinawapweteka kwambiri ndi anthu opanda malipiro oti bwalo liwerengere: ana, okalamba ndi amayi apakhomo. Mwana akamwalira, makolo alibe malipiro ake oti asonyeze. Chimene ali nacho ndi chisoni, ndipo chisonicho ndi chimene lamulo linaikira malire. Popeza maloya ambiri m'dzikomo amalipidwa kuchokera pa ndalama zimene apambana, ndipo milanduyi imafuna akatswiri odula odzachitira umboni, mabanja ena ankasowa ngakhale wowaimira.

Mabungwe a madokotala akhala akunena kuti malirewa amachepetsa mtengo wa inshuwalansi ndi kusunga madokotala m'ntchito zoopsa monga kubereketsa amayi. Otsutsa amati chimene chinathandiza kwambiri ndi lamulo lina la mu 1988, lotchedwa Proposition 103, lomwe linapatsa boma mphamvu zoyang'anira mitengo ya inshuwalansi.

Bwalo lalikulu la California linagamula mu 1985 kuti malirewa sakusemphana ndi malamulo aakulu, ndipo mu 2014 anthu anakana pa voti ganizo lowakweza kufika pa madola pafupifupi 1.1 miliyoni. Zinthu zinasintha mu 2022 pomwe madokotala ndi maloya anagwirizana, ndipo bwanamkubwa Gavin Newsom anasaina lamulo latsopano. Kuyambira pa 1 Januwale 2023 malire a wovulala anakwera kufika pa madola 350,000, ndipo akuwonjezeka ndi 40,000 chaka chilichonse mpaka adzafike pa 750,000. Pa mlandu wa imfa anayambira pa 500,000 ndipo adzafika pa 1 miliyoni. Zikadzatero, azidzakwera ndi 2 peresenti pachaka.

Zigawo zina zinatsata njira zosiyana. Texas inakhazikitsa malire a madola 250,000 pa milandu ya madokotala mu 2003, pomwe mabwalo aakulu a Illinois ndi Georgia anathetsa malire a m'zigawo zawo mu 2010.