Pakamwa, pepala ndi manja

M'makalabu mwathu muli amayi ndi abambo amene akapatsidwa mpata woyankhula amayamba ndi kupepesa kuti sadziwa kulemba, kenako n'kukhala pansi ngati alibe mawu. Tiyeni tikumbutsane mbiri pang'ono. Pa chilankhulo chathuchi pepala ndi mlendo, labwera dzulodzuloli.

Mafumu a Amaravi, a Kalonga ndi a Undi, ankaweruza milandu, kugawa malo ndi kusunga maina a makolo awo popanda cholembera. Likulu la Undi linali ku Mano, m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. Mu 1831 Mpwitikizi wina, António Gamitto, ananyamuka ku Tete paulendo wopita kwa Kazembe, nadutsa pakati pa Amaravi ndi Achewa. Buku lake linatuluka mu 1854, koma analemba za ife m'Chipwitikizi, kuti awerenge anthu a kwawo.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Salimini. Munthuyu anali wochokera chakufupi ndi Lilongwe, anagwidwa ukapolo n'kukafika kunyanja yaikulu, kufupi ndi Mombasa ku Kenya. Kumeneko, cha m'ma 1853, anakumana ndi mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann. Salimini ankatchula mawu, Rebmann n'kumalemba zimene khutu lake lamva. Buku la mawuwo linasindikizidwa mu 1877, ndipo chilankhulocho anachitcha Kiniassa. Taonani abale anga, mawu onsewo anatuluka pakamwa pa kapolo amene anali kutali ndi kwawo, koma dzina lodziwika pa bukulo ndi la wolemba uja.

Amishoni anapitiriza ntchitoyi mpaka Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, motsogozedwa ndi William Murray. Kuno kwathu sukulu ya atsamunda inali ya Chipwitikizi, ndipo ngakhale titalandira ufulu mu 1975 zinakhalabe choncho. Chinyanja chinalowa m'kalasi mongoyesa kuyambira 1993 mpaka 1997 m'sukulu zina za ku Tete, kenaka maphunziro a zilankhulo ziwiri anakhazikitsidwa mu 2003. Kalembedwe nakonso kanagawika. Ku Malawi anasankha ch mu 1973, pamene akatswiri a kuno atakumana ku Maputo mu 1988 anasunga c. Ndiye mlimi wa ku Ulongwe ndi wa ku Dedza akakumana pamsika amatchula mofanana, koma papepala wina ali ndi cimanga, wina chimanga. Chakudyacho n'chimodzi basi.

Tsono pepala silinatole zonse. Lembani mawu oti mtengo. Mukunena wa mango kapena wa thumba la feteleza? Pakamwa sitisokonezeka, chifukwa wa mangowo timakweza mawu pakati, wa feteleza timangotchula chapansi. Khungu la pathupi ndi khungu la m'maso chimodzimodzi. Mwana wa zaka zinayi amasiyanitsa zimenezi osaphunzitsidwa ndi munthu, koma zilembo zathu siziwonetsa. Nanga agogo akamati mbatata inali yofiira psuu, kapena nthaka yauma gwaa, akukoka mawu, maso atatuzula, mungalembe bwanji? Wailesi inatibwezera kamvekedweko, n'chifukwa chake timaikonda. Koma nayonso imasiya manja ndi nkhope panja.

Pamanjapo ndi pamene pali abale athu osamva. Ambiri timaganiza kuti amangoloza ngati mmene timachitira ife tikakhala kutsidya kwa mtsinje. Ayi ndithu. Osamva akakhala pamodzi, chilankhulo chawo chamanja chimakhala chathunthu. Amafunsa, amakana, amanena za dzulo ndi za mawa, miseche amadyanso. Nkhope imagwira ntchito imene kwa ife imagwiridwa ndi kukweza kapena kutsitsa mawu. Ndipo si chimodzi dziko lonse lapansi, maiko ali ndi zawozawo.

Iwonso anaponderezedwa ngati ife. Mu 1880 aphunzitsi a ana osamva anasonkhana ku Milan, ku Italy, pafupifupi onse anali anthu akumva. Anagwirizana kuti ana aziphunzitsidwa kuyankhula ndi pakamwa, manja asiyidwe. Maganizo amenewo anafalikira m'maiko ambiri, ndipo msonkhano wa aphunzitsi omwewo unadzawakana poyera mu 2010 ku Vancouver, patatha zaka 130. Kuno ku Mozambique malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 125, amalamula boma kuthandiza kuti chilankhulo chamanja chiphunzitsidwe ndi kukula.

Lamulolo lilipo, koma lili papepala, m'Chipwitikizi. Kumudzi kuno mwana wosamva kawirikawiri amakula ndi zizindikiro zimene wapangana ndi amayi ake okha. Wailesi ikalengeza za kolera, za katemera wa ng'ombe kapena tsiku logawa mbewu, ife timamva tili pakhonde. Wosamva amadziwa pokhapokha wina apite pakhomo pake akamuwonetse ndi manja, ndipo nthawi zambiri ntchito imeneyi timangoisiyira ana a m'nyumbamo.