Mphaka, khoswe ndi nthata: mbiri ya matenda oyenda m'magazi



Chimanga ndi mtedza zikangolowa m'nyumba, makoswe nawo amalowa, ndipo khomo lililonse limayamba kufunafuna mphaka. Mwana akaona kamphaka kosowa mwini pamsika wa Kamwendo kapena kuseri kwa chigayo, amabwera nako atakafungatira pachifuwa. Ena mumakalandira, ena mumakathamangitsa poopa matenda. Lero tikambe za matenda amene amakhala m'magazi a amphaka oyendayendawa. Panapita zaka zoposa 300 kuti madokotala amvetse bwino nkhaniyi, ndipo chimene anapeza ndi ichi: nthawi zambiri chimene chimanyamula matenda kuchoka m'magazi a nyama ndi nthata, imene ena timati utitiri. Mphaka amangoibereka pamsana.

Tiyambire ku London mu 1665. Mumzindawu munabuka mliri wa makoswe umene unapha anthu pafupifupi 100,000. Munthu ankatentha thupi, n'kutupa mwanabele m'khwapa, pakhosi kapena m'mphechepeche, masiku ochepa n'kumwalira. Akuluakulu a mzinda ankakhulupirira kuti agalu ndi amphaka ndi amene akufalitsa nthendayo, choncho analamula kuti aphedwe. Anaphedwadi ambirimbiri, koma maliro anachulukirabe. Anapha mlonda wa nkhokwe, mbava n'kuisiya.

Kachilombo koyambitsa mliriwu kanapezeka mu 1894 ku Hong Kong, ndipo anakapeza ndi dokotala Alexandre Yersin. Funso linatsala linali lakuti kamachoka bwanji mwa khoswe kukalowa mwa munthu. Mu 1898, dokotala wa ku France Paul-Louis Simond anayankha funsoli ali ku Karachi. Anaika khoswe wodwala m'chibotolo chachikulu, n'kuonjezeramo nthata zimene anatola pa mphaka wa pamalo amene ankagona. Kenako anaikamo khoswe wabwinobwino ali m'kakhola ka waya kuti awiriwa asakhudzane. Wodwala uja atafa, nthata zinachoka pathupi lozizira n'kudumphira kwa wamoyo, ndipo patapita masiku ochepa nayenso anafa ndi nthenda yomweyo. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti nthata imayamwa magazi a khoswe wodwala, ndipo khosweyo akafa imasaka thupi lina lofunda. Thupilo likhoza kukhala la mphaka, la galu, kapena la mwana wogona pamphasa.

Musaganize kuti izi ndi za kunja kokha. Mu 1997 mliri wa makoswe unagwa ku Nsanje, pamene tsidya lina la malire, m'boma la Mutarara ku Tete, kunalinso odwala. Mu 2002 unabweranso ku Nsanje komweko. Kwa anansi athu ku Zambia unagwa m'boma la Nyimba mu 2015, pakati pa March ndi May. Ambiri mwa odwala anali ana, ndipo ena atayezedwa anapezekanso ndi malungo, moti kunali kosavuta kuganiza kuti vuto ndi malungo okha. Nyimba ili pamsewu womwe uja wochoka pa Mwami kudutsa Chipata, Katete, Sinda ndi Petauke kupita ku Lusaka. Ife a kuno timawoloka malire tsiku ndi tsiku: kumaliro, kukagulitsa mbewu, kukaona abale, kapena ku N'cwala ku Mtenguleni. Sindikunena kuti mliriwu wafika kwathu, ayi. Koma chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ku Madagascar mu 2017 anthu oposa 2,000 anadwala ndipo pafupifupi 200 anamwalira, ngakhale kuti mankhwala ake alipo ndipo amachiza munthu akafika msanga kuchipatala.

Nanga mphaka akulowapo bwanji? Mosiyana ndi galu, mphaka amadwala kwambiri nthendayi akadya khoswe wodwala kapena akalumidwa ndi nthata zake. Amafooka, amasiya kudya, amatupa kunsi kwa chibwano, ndipo akhoza kupatsira munthu pomuluma, pomukala kapena potsokomola. Kumadzulo kwa America, pakati pa 1977 ndi 1998, anthu 23 anatenga mliriwu kuchokera kwa amphaka. Chiwerengerocho n'chochepa pa zaka zoposa 20, koma chikutiphunzitsa kuti mphaka wodwala sagwiridwa ndi manja osavala kanthu.

Pali nthenda yachiwiri, yofala kuposa mliri wa makoswe koma yosaopsa kwambiri kwa ana ambiri. Dokotala wa ana ku Paris, Robert Debré, anaona ana otupa mwanabele atakalidwa ndi mphaka, ndipo analemba za nthendayi mu 1950. Kwa zaka 40 palibe amene ankadziwa kachilombo kake. Chimene chinatsegula maso ndi mliri wa Edzi. Kuyambira mu 1983 madokotala ku America anayamba kuona odwala Edzi ali ndi zotupa zofiira pakhungu, zosachedwa kutuluka magazi, zofanana ndi khansa ya Kaposi, koma zimene zinkatha ndi mankhwala opha mabakiteriya. Pakati pa 1990 ndi 1993 kachilomboka kanadziwika n'kutchedwa Bartonella henselae, potengera dzina la Diane Hensel, mayi wogwira ntchito mu labotale ku Oklahoma amene anakapeza m'magazi a odwala. Kanali komweko koyambitsa mwanabele wa ana okalidwa ndi mphaka. Mu 1996 kafukufuku anatsimikiza kuti pakati pa amphaka kamayenda ndi nthata.

Kachilomboka kamakhala m'magazi a mphaka kwa miyezi yambiri iye osaoneka wodwala. Nthata ikayamwa magaziwo imasiya chimbudzi chake muubweya, timadontho takuda tonga tsabola wosinja. Mphaka akamadzikanda, timadonthoti timalowa m'zikhadabo. Akakala mwana, amathira dothi limenelo pabala. Amphaka aang'ono osakwana chaka, ndi amene amangoyendayenda opanda owasamalira, ndiwo amapezeka nako kwambiri, chifukwa ndiwonso amakhala ndi nthata zambiri. Pabalapo pamatuluka kachotupa pakatha masiku 3 mpaka 10, kenako pakatha sabata imodzi mpaka atatu mwanabele amatupa m'khwapa kapena pakhosi. Ana ambiri amachira okha pakapita miyezi iwiri mpaka inayi. Komabe mwanabele wokhalitsa amafunika kuonedwa kuchipatala, chifukwa TB nayonso imatupitsa pakhosi. Musatemere mphini, musafinye.

Kwa ife Amalawi nkhaniyi ili ndi kulemera kwake. Wodwala Edzi woyamba anapezeka m'dziko muno mu 1985, ndipo ma ARV aulere anayamba mu 2004. Munthu amene chitetezo chake chatsika ndi amene kachilombo ka mphakaka kamamuvuta kwambiri, mpaka kufika kuchiwindi kapena kumtima. Ngati muli pa ma ARV, simukuyenera kutaya mphaka wanu. Imwani mankhwala mwandondomeko, musasewere ndi tiana ta mphaka, ndipo mukaona zotupa zofiira zachilendo pakhungu, auzeni adokotala kuti kunyumba kuli mphaka.

Mwina munamvapo za "Edzi ya amphaka". Ilikodi. Mu 1986, mayi wina wa ku Petaluma ku California amene ankasunga amphaka ambiri osowa kwawo anaona kuti ena akuwonda, akutuluka zilonda m'kamwa ndi kufa. Akatswiri Niels Pedersen ndi Janet Yamamoto a pa yunivesite ya California ku Davis anayeza magazi awo n'kupeza kachilombo kamene pano kamatchedwa FIV. Kamafooketsa chitetezo cha mphaka, ndipo kamafala kwambiri amphaka aamuna akamalumana pomenyana. Mvetsetsani apa: kachilomboka sikalowa mwa munthu. Mphaka sangakupatseni HIV, ndipo inu simungamupatse. Wina akakuuzani zosiyana ndi izi, muuzeni mbiri imeneyi.

M'mizinda muli mabungwe ngati LSPCA ku Lilongwe amene amalandira agalu ndi amphaka osowa kwawo, kuwabaya katemera ndi kuwatseka kuti asaswane. Kuno kumudzi kamphaka kosokera kamafikira pakhomo panu, ndiye ntchito imeneyo imagwera inu. Walira mvula walira matope: mukafuna mphaka wogwira makoswe, muvomerenso kumusamalira.

Mphaka watsopano asagone ndi ana pamphasa kapena m'bulangete. Pitani kwa alangizi a ziweto akupatseni mankhwala a nthata oyenera mphaka, ndiponso amubaye katemera wa chiwewe. Musamuthire mankhwala a thonje, a fodya, a anankafumbwe kapena dibi wa galu, chifukwa ena mwa mankhwalawa amapha mphaka ndipo ndi oopsa kwa mwana amene amamugwira. Sesani m'nyumba tsiku ndi tsiku, zirani pansi kuti ming'alu itsekeke, yanikani mphasa ndi zofunda padzuwa, popeza mazira a nthata amagwera pansi n'kuswera mufumbi. Matumba a chimanga muwaike pathandala, kutali ndi pogona.

Mwana akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musapake phulusa, mchere kapena ubweya wowotcha. Ngati mphakayo ndi wosadziwika kapena akuchita zachilendo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe sichiyenda m'magazi koma m'malovu, ndipo zizindikiro zikayamba sichichizika, pamene katemera wake akaperekedwa msanga amapulumutsa.

Mukaona makoswe akufa okha ambiri m'mudzi popanda amene wathira mankhwala, musawagwire, ndipo ana asatole mbewa zopezeka zitafa kale. Dziwitsani alangizi a zaumoyo ndi amfumu tsiku lomwelo. Pa nthawi yotero a zaumoyo amayamba ndi kupha nthata asanaphe makoswe, chifukwa khoswe akafa nthata zake zimasamukira kwa anthu, monga anaonera Simond ku Karachi. Ndipo mwana akatentha thupi mwadzidzidzi, n'kutupa mwanabele wopweteka kwambiri, musakagule mankhwala a malungo pagolosale n'kudikira. Thamangani naye kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala cha boma cha Mchinji, ndipo mufotokoze za makoswe kapena mphaka wodwala amene ali pakhomo, ngakhale atapezeka ndi malungo.

A ku London anataya amphaka awo chifukwa sankadziwa za nthata. Ife tikudziwa. Sungani mphaka wanu, thanani ndi nthata, ndipo mukapita ku sikelo kapena pamjigo muwauzeko anzanu. Khalani athanzi.