Hans-Georg Gadamer

Hans-Georg Gadamer anali pulofesa wa filosofi wa ku Germany, wodziwika ndi maphunziro a hermeneutics, omwe amafufuza momwe munthu amamvetsera tanthauzo la zolembedwa ndi zoyankhulidwa. Adabadwira ku Marburg pa 11 Febuluwale 1900, ndipo adamwalira ku Heidelberg pa 13 Malichi 2002 ali ndi zaka 102.

Maphunziro ndi ntchito

Adakulira ku Breslau, mzinda womwe lero ndi Wrocław m'dziko la Poland, komwe bambo ake ankaphunzitsa sayansi ya mankhwala. Bambowo ankafuna kuti mwana wawo atsate sayansi, koma mtima wa mnyamatayo udali pa zolemba ndi filosofi. Digiri ya udokotala adaipezera ku Marburg mu 1922, atalemba za Plato moyang'aniridwa ndi Paul Natorp. Chaka chomwecho adadwala poliyo. Mu 1923 adapita ku Freiburg kukamvera wafilosofi Martin Heidegger, yemwe adaumba kwambiri maganizo ake.

Mu 1939 Gadamer adakhala pulofesa ku Leipzig, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha adatsogolera yunivesiteyo. Mu 1947 adasamukira ku Frankfurt, kenako mu 1949 ku Heidelberg, kukalowa m'malo mwa Karl Jaspers. Atapuma pa ntchito mu 1968 sadakhale manja lende: kwa zaka zambiri ankawoloka nyanja kukaphunzitsa ku America, makamaka ku Boston College.

Chiphunzitso chake

Buku lake lalikulu, Wahrheit und Methode, lidatuluka mu 1960, iye ali ndi zaka 60. M'bukumo akuti palibe amene amawerenga ali mutu wopanda kanthu. Aliyense amabwera ndi chiyankhulo, mwambo ndi zomwe adaphunzira kwawo, ndipo zimenezi ndizo zimamutsegulira khomo lomvetsera. Wafilosofi mnzake Jürgen Habermas adamutsutsa kuti akulemekeza mwambo mopitirira muyeso.

Kumene maganizo ake amagwira ntchito

Pomwe Gadamer amakoma zedi ndi pa zitsanzo zomwe adasankha: woweruza milandu ndi mlaliki. Woweruza amagwiritsa ntchito lamulo lolembedwa kalekale pa mlandu womwe olemba lamulowo sadauganizireko. Mlaliki amawerenga kalata yolembera mpingo wa ku Korinto, koma ayenera kuimasulira kwa anthu omwe akhala pamabenchi tsiku limenelo. Kwa Gadamer, kumvetsa mawu ndi kuwagwiritsa ntchito pa vuto la lero ndi chinthu chimodzi, ndipo apa adaona patali.

Ku Africa njira imeneyi idapeza oitsata. Wansembe wa ku Nigeria, Theophilus Okere, adasonyeza m'buku lake la mu 1983 kuti filosofi imabadwa pomasulira chikhalidwe cha anthu eni ake. Tsenay Serequeberhan wa ku Eritrea, yemwe adaphunzira ku Boston College, adatulutsa The Hermeneutics of African Philosophy mu 1994, n'kulumikiza nkhaniyi ndi mbiri ya atsamunda.

Akatswiri ambiri amamuika Gadamer m'gulu la anzeru ofunika a ku Germany a m'zaka za m'ma 1900.