Chifukwa chake madzi a m'batire amaphwera

Magetsi akadutsa m'madzi amawagawa kukhala mipweya iwiri: haidrojeni ndi okosijeni. Haidrojeni amatulukira ku negetivi, ndipo amachuluka kawiri kuposa okosijeni wotulukira ku pozitivi. William Nicholson ndi Anthony Carlisle anaonetsa zimenezi ku London mu 1800.

Mabatire a asidi a sola ndi a galimoto, ofala ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, amachita zomwezi akatchajidwa mopitirira muyeso. Madzi amaphwera, mapuleti n'kukhala pamtunda, batire n'kufa msanga. Mwini wake ayenera kuthiramo madzi a batire okhaokha, olembedwa água destilada, osati asidi kapena madzi apachitsime.

Haidrojeni amaphulika akakumana ndi moto, choncho batire lisamatchajidwe m'chipinda chotseka, kapena pafupi ndi koloboyi, mbaula ndi fodya woyaka.