Msika wa pa Lilongwe ndi Midzi ya Kumadzulo

Ana athu a m'sukulu akamva dzina la Lilongwe aganiza za nyumba zosanja ndi maofesi a Boma, ndipo ayesa kuti mzindawo ndi wa eni ake ena, kuti ife a ku Namitete, ku Nsaru ndi ku Kabudula tingopitako monga alendo opempha madzi. Ife amene tidauona msika wake tili ana, titagwira chitenje cha amayi kuopa kusokera, tifuna kuwauza kuti sikudatero ayi. Msika ndiwo udayamba, likulu lidadza pambuyo. Ndipo chimene chidakuza msikawo ndi makasu a makolo athu.

Tiyambe ndi zimene zidachitika ife tisanabadwe. M'chaka cha 1904 Angerezi adakhazikitsa boma m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, m'dziko la mfumu Njewa, ndipo posakhalitsa Amwenye adafika namanga masitolo awo. Koma malowo adakhala aang'ono kufikira zaka za m'ma 1920, pamene Mzungu wina, A. F. Barron, adatsegula munda wa fodya pa Mbabzi, kumadzulo kwa boma. Iyeyu pamodzi ndi mnzake Wallace ankagawira anthu a m'midzi mbewu, nawaphunzitsa kufukiza fodya wa chikopa, nabweranso kudzagula. Olima adachuluka msanga, kotero kuti m'chaka cha 1926 Boma lidaika bungwe la Native Tobacco Board kuti liyang'anire ulimiwo ndi misika yake. Agogo athu sankalitchula bungwelo ndi chimwemwe, pakuti mitengo inali yotsika, ndipo msonkho wa nyumba unkadikira pakhomo. Koma timasheleni totsala titapereka msonkho tinkathera m'masitolo a pa boma, ndipo ndi timeneto tidasandutsa kamudzi kaja kukhala tauni m'chaka cha 1947.

Agogo athu aakazi ankatisimbira za maulendo a masiku amenewo madzulo tikusenda mtedza. Kuchokera ku Namitete kufika pa boma pali makilomita pafupifupi 50, ndipo iwo ankayenda pansi, dengu pamutu, mwana kumbuyo, nagona kwa abale pa Mpingu. Ankawerenga ndalama mwa tiki, sikisi ndi sheleni. Ndipo ngakhale kwacha ndi tambala zidafika m'chaka cha 1971, iwo adamwalira akutchabe matambala khumi kuti sheleni. Ankagula mchere, singano, mikanda, ndi nsalu yakuda ya biriwita. Tsiku lina tidawafunsa ngati sankatopa. Adaseka nati, “Iwe, wopita ku boma satopa popita; atopa pobwera, ndalama zitatha.”

Tsono m'masiku a ubwana wathu zinthu ziwiri zidachulukitsa maulendowo. Choyamba, m'chaka cha 1975 Lilongwe adakhala likulu la dziko m'malo mwa Zomba, ndipo anthu obwera kudzagwira ntchito adafuna ufa, nyemba, nkhuku ndi ndiwo zamasamba, zimene zinkachokera m'minda ndi m'madimba athu. Chachiwiri, Boma lidalamula Amwenye kuti achoke m'midzi, ndipo pofika 1978 malonda awo adatsala m'mizinda mokha. Masitolo ambiri a pa malo a malonda kwathu adakhala apululu, kapena adatsala ndi sopo ndi machesi pa alumali. Chifukwa chake banja lofuna bulangete, mpoto kapena tayala la njinga linkayenera kukwera basi kunka ku tauni.

Ulendowo unali wa kamodzi pa chaka, m'nyengo yachisanu, fodya ndi mtedza wa Chalimbana zitagulitsidwa. Sankapita ana onse. Ankasankha mmodzi, kawirikawiri amene adakhoza mayeso, ndipo otsalawo ankamlondola ndi maso kufikira pa msewu. Tinkadzuka tambala woyamba asanalire, titadzola mafuta m'miyendo kuti a m'tauni asatidziwe kuti ndife akumudzi. Ankatidziwabe. Abambo ankasunga ndalama zikuluzikulu m'thumba la mkati mwa jekete, amayi namanga zawo pa mfundo ya chitenje. Panalinso chinthu china chosayenera kuiwalika, ndicho khadi la chipani, pakuti m'zaka za chipani chimodzi munthu wopanda khadi ankabwezedwa pa chipata cha msika, ngakhale atachokera kutali chotani. Tidaona ndi maso athu nkhalamba ina itakhala pansi kunja kwa mpanda, nkhuku zake ziwiri zili pamiyendo, ndipo amayi adatikoka dzanja kuti tisayang'anitsitse.

M'kati mwa msika fungo ndilo linkatsogolera munthu. Kuchigawo cha nsomba kunali usipa, utaka ndi matemba, zounjikidwa m'milu yaing'onoing'ono; ndipo ife ana a kumtunda, amene sitidaonepo nyanja, tinkadabwa kumva kuti zonsezo zidatuluka m'nyanja. Kwina kunali osula zitini, akukhoma ndowa ndi mbaula mwaphokoso losamvana. Kwina malichero, mphasa ndi mipini. Kwina asing'anga ndi mizu yawo, kumene amayi ankadutsa mofulumira. Atelala ankakhala pa makonde a masitolo, napalasa makina awo osatukula mutu.

Koma chimene tikumbukira koposa ndi kunenerera kwa amayi. Sankafunsa mtengo wa chinthu chimene adachifunadi poyamba ayi. Ankagwira china, nachibweza, nafunsa wogulitsa kwawo ndi kuti, ndipo akamva kuti ndi wa ku Nambuma kapena ku Nsaru ankayamba kufufuza ubale. Pomwepo wogulitsa ankati, “Mayi, tengani, ndakuchotserani.” Iwo nati, “Achimwene, mwana uyu mwamuona. Basela wake ali kuti?” Ndipo dzanja linkabwerera m'thumba la usipa ndi kuwonjezera pa mulu. Ife tinkachita manyazi, tinkayesa kuti ndi umphawi. Tidazindikira titakula kuti amayi ankadziwa masiku amene adawerama m'munda kuti apeze kwacha iliyonse, ndipo sankalola kuti ichoke m'manja mwawo mopepuka. Takhala tikuphunzitsa masamu zaka zambiri, koma sitidaonebe wophunzira wochotsera ndi kugawa pamtima msanga monga iwo, amene sadapitirire kalasi lachiwiri.

Chaka china tidaona nsapato zakuda pa benchi, ndipo tidaima osafuna kusuntha. Abambo adazitola, nazitembenuza, nafunsa mtengo. Amayi sadanene kanthu, koma adawerenga pa zala zawo mchere, palafini, sopo, yunifolomu, ndi fizi ya ana atatu. Pakuti sukulu ya pulayimale inali yolipira kufikira m'chaka cha 1994. Abambo adazibweza nsapatozo pamalo pake. M'malo mwake adatigulira sikono ndi botolo la Fanta, zimene tidadya titakhala pa thumba la mchere podikira basi, ndipo theka la sikonoyo tidasungira mlongo wathu.

Msikawo ulipobe m'tauni yakale, koma wasefukira kunja kwa mpanda wake. Zovala za kaunjika zidachepetsa ntchito ya atelala. Ndipo m'chaka cha 2006, Boma litachotsa ogulitsa m'misewu, ambiri adasamukira m'mbali mwa mtsinje, ku msika wa Tsoka, kumene anyamata adamanga timilatho tamitengo nalipiritsa owoloka. Tidapitako posachedwa m'mamawa, tidapeza matumba a kabichi ndi madengu a tomato akutsitsidwa m'galimoto, ndipo titafunsa mayi wina kumene adachokera, adatchula mudzi woyandikana ndi wa agogo athu. Tidagula mulu umodzi, iye natiwonjezera tomato awiri tisanapemphe.