Mafuta odzola m'sutikesi ya mtchona

Mzinda wa Mutare usanasinthe dzina mu 1982, pomwe unkatchedwa Umtali, anthu ambiri a ku Nyasaland ankaphika ndi kusamalira maluwa m'nyumba za azungu, monga za ku Greenside. Kumudzi anali atasiya mafuta a nsatsi, okazinga, kusinja ndi kuwiritsa, osungidwa m'nsupa. Tsiku lotha mphamvu panalibe. Mphuno ndiyo inkaweruza.

Kutauni anapeza Vaseline, amene Robert Chesebrough anamulembetsa ku America mu 1872. Mafutawa amatha zaka osawonongeka chifukwa mulibe madzi, ndipo tizilombo sitiswana pouma. N'chifukwa chake botolo linkafika kumudzi lili bwinobwino m'sutikesi ya mtchona.

Ovuta anali mafuta oyeretsa khungu, monga Ambi wa m'ma 1960 ndi 1970. Mankhwala ake, hydroquinone, amada akakhudzana ndi mpweya, ndipo ngakhale asanade, odzola nthawi yaitali ankapsa masaya. Dziko la South Africa linawaletsa m'zodzoladzola mu 1990.

Kachithunzi ka botolo lotsegula kolembedwa 12M, kutanthauza miyezi 12 chitsegulireni, kanayamba ku Ulaya mu 2005. Koma wowerengayo sanaganizire botolo lokhala padzuwa tsiku lonse pamsika wa Sakubva, pomwe kutentha kumalekanitsa madzi ndi mafuta miyeziyo isanakwane.