Mapu a GPS pa Njinga Yamoto (Namitambo)

Awa ndi mapu amene woyenda pa njinga yamoto amasunga mufoni kapena m'kachipangizo ka Garmin. GPS imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti, sifuna intaneti. Chofuna intaneti ndi kukopera mapuwo. Choncho wopita ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu, akopere mapu a Malawi akadali ku Limbe.

Google Maps imathandiza m'tauni, koma tinjira tafumbi tam'midzi timaoneka bwino pa OsmAnd ndi Organic Maps, zomwe zimadalira OpenStreetMap, ntchito ya anthu odzipereka yomwe idayamba mu 2004. Mapu akale ndi oopsa: namondwe wa Freddy adakokolola milatho m'chigawo chakummwera mu 2023. Nthawi ya dzinja, funsaninso akabaza apamsika musanatsikire kumtsinje.